Timu ya Chafutambuyo

Nthawi inali itangopitirira seveni koloko m'mawa wa Lachinayi, ndipo kunja kunkawaza kamvula ka chiperoni, kaja kosanyowetsa munthu nthawi imodzi koma kongomunyengerera mpaka atazindikira kuti malaya amumatirira pamsana. Mumsika waukulu wa mzinda wa Musandifunse, likulu la Ufumu wa Zilibwino, a Elifala Ndelemani anali atayala kale zida zawo pansi pa kadenga ka malata awiri: singano, ulusi, kachitini ka guluu ndi chibenthu cha tayala chodulapo zidendene. Anali wosoka nsapato, ndipo pamalo amenewo anali atakhalapo zaka makumi atatu ndi chimodzi.

"A Ndelemani, mwamva?" anafunsa a Nangondo, amene ankagulitsa tomato pabenchi loyandikana nawo. "Wagwanso wina dzulo."

"Ndani?"

"Filimoni, kaputeni weniweniyo. Akuti mwendo wathyoka pawiri. Wachisanu ndi chiwiri ameneyo."

A Ndelemani anangopukusa mutu, ulusi uli kukamwa.

"Ndiye mkuja apambana ndani?"

"Tidzaona," anatero a Ndelemani.

Limeneli linali yankho la msika wonse sabata imeneyo. Ufumu woyandikana nawo, umene timu yake inkabwera Loweruka kudzasewera kiriketi, dzina lake linali Tidzaona. Choncho munthu ankatha kunena zakukhosi wapolisi ali pomwepo, wapolisiyo n'kuvomereza kuti inde, za mawa sizidziwika.

Kiriketi idabwera ku Zilibwino ndi malemu bambo ake a mfumu, amene adaiona kunja n'kuikonda chifukwa ndi masewero amene amaima kaye kuti anthu amwe tiyi. Kaseweredwe kake si kovuta. Pakati pa bwalo pali kanjira, ndipo kumapeto onse awiri a kanjirako kuli timitengo titatu tozika pansi. Woponya amaponya mpira wolimba ngati mwala kuti agwetse timitengoto. Womenya amautchinga ndi thabwa, ndipo akaumenya n'kupita patali, iye ndi mnzake amene waima kumapeto enawo amathamanga kusinthana malo. Ulendo uliwonse wotero amauwerenga, ndipo timu ya maulendo ambiri ndiyo imapambana. Kwa zaka zambiri anthu ankasewera motero, ndipo amene adavulalapo kwambiri anali mlonda wa bwalo, amene adalumidwa ndi mavu.

Zinthu zidasintha mwezi wapitawo, pamene Mfumu Sindilakwa Yachitatu idaganiza zoyamba kuonera masewerowo. Adaimangira nsanja yaitali kumapeto amodzi a bwalo, kuseri kwenikweni kwa timitengo. Tsiku loyamba lomwelo, Nduna ya Zaulemu, a Gwadani, adaona chinthu chimene chidawalanda chilakolako cha tiyi. Ku Zilibwino n'koletsedwa kufulatira mfumu. Munthu akamachoka pamaso pake amachoka chafutambuyo, nkhope ili komweko, mpaka khoma kapena mtengo utamubisa. Tsono pa ulendo uliwonse wa kiriketi womenya mmodzi ankathamangira kumene kuli mfumu, zomwe zinali zoyamikika, koma mnzakeyo ankaionetsa msana wonse, ndi matako omwe, ali pa liwiro ngati waba nkhuku.

Mawa lake kudatuluka Lamulo Nambala 114. Aliyense wopita kumapeto akutali azithamanga chafutambuyo. Wowakha, amene amanyonyomala kuseri kwa timitengo kudikira mpira wophonyedwa, azitembenukira kunsanja, mpirawo azingoumva. Alendo okha ndiwo adakhululukidwa, poti alendo sadaleredwe bwino.

Woyamba kuvulala anali wowakhayo, Bizaliele. Mpira udamupeza pankhongo, ndipo mpaka pano akuti akawerama amamva belu la tchalitchi. Awiri adagundana pakati pa kanjira, wina akubwera ndi maso, wina ndi msana. Awiri ena adabinya akakolo. Wina adabwerera bwino kwambiri mpaka kukakhalira timitengo, ndipo za ameneyo anthu aulemu sankafunsa zambiri. Tsopano Filimoni. Pa osewera khumi ndi mmodzi panatsala anayi, ndipo Wailesi ya Zilibwino inkalengeza m'mawa uliwonse kuti anyamata ena akupumulako pang'ono.

Cha m'ma hafu eyiti anatulukira Sajeni Kambalame, ambulera kumanja, kalata kumanzere. Anaima patsogolo pa a Ndelemani n'kutsokomola kawiri.

"Achimwene, mukufunidwa kunyumba ya mfumu. Khonsolo yosankha timu yakhala kale."

"Ine? Kumenya mpira ndi bondo limeneli?"

"Si za bondo ayi. Nsapato za timu adasoka ndani?"

"Ine."

"Basi, n'zomwezo." Sajeniyo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ine sindinanene kanthu, koma lole ya ku Kuiwalika yathiridwa mafuta. Ndikanakhala inu, ndikanatenga jekete yokhuthala."

Kuiwalika linali boma la kumalire, ulendo wa masiku awiri pa lole, kumene boma linkatumiza anthu amene lawapeza ndi mlandu komanso amene lawasowera mlandu. Anthu a kumeneko ankayenda opanda nsapato. Koma a Ndelemani sanaganize za zimenezo poyamba. Mkazi wawo, Esinati, adaikidwa kuseri kwa tchalitchi cha kumtunda kwa msika, ulendo wa mphindi khumi, ndipo Lamlungu lililonse akatuluka m'mapemphero ankapitako ndi kakhasu. Sankakamba zambiri za zimenezi. Ankangodziwa kuti ku Kuiwalika n'kutali, ndipo udzu sudikira munthu.

Anapukuta manja pa epuloni, n'kuivula.

"A Nangondo, mundionereko guluuyu. Akalowa madzi ndiye kuti watha."

"Pitani, bambo," anatero a Nangondo. "Mukakafika musakanene zoona. Zoona si za anthu a msinkhu wanu."

Chipinda cha khonsolo chinali chachitali ngati tchalitchi. Kumtunda, pa mpando wa masitepe asanu, kunali Mfumu Sindilakwa, munthu wamfupi wa nkhope yosadziwa dzuwa, mbale ya mtedza wokazinga ili pamiyendo. M'munsi mwake, mbali zonse ziwiri za tebulo, munakhala nduna. Sajeni anawagwaditsa a Ndelemani pafupi ndi chitseko n'kuwanong'oneza kuti adikire, poti nkhani ya mayina inali isanathe.

Amene ankalankhula anali a Tidyenawo, Nduna ya Zamasewero ndi Maphwando, munthu amene mimba yake inkalowa m'chipinda iye akadali pakhonde.

"Mwinidziko, malo opanda anthu ndi asanu ndi awiri. Chaka chatha tikalengeza malo amodzi, pakhomo panga pankadzaza mbuzi. Chaka chino ndalengeza asanu ndi awiri, ngakhale nkhunda sinabwere."

"Nanga osewera apadera aja?" inafunsa mfumu. "Sindinawagulire majekete?"

Inali itawagulira. Timu inali ndi osewera apadera makumi awiri ndi atatu, onse abale a nduna, ndipo ntchito yawo inali kuvala majeketewo, kujambulidwa ndi kumwa tiyi uja.

"Ndikubwera pomwepo, Mwinidziko," anatero a Tidyenawo. "Ine ndikupereka dzina la Lakisoni, mwana wa mlongo wawo wa a Gwadani. Mnyamata wa miyendo yaitali, wodzaza jekete bwino."

A Gwadani, munthu wowonda amene khosi lake lidapindika ndi ulemu, anadzuka msanga.

"Lakisoni ali ndi mphumu."

"Yayamba liti?"

"Dzulo. Koma yabwera ndi mphamvu. Ine ndikanati mphwanu Jailosi, amene mwakhala mukutiuza kuti adabadwa atagwira thabwa."

"Jailosi wapita kumaliro."

"Maliro a ndani?"

"Mwini wake sanamwalirebe, koma wadwalika, ndiye mnyamatayo wangoti atsogole."

Anapitiriza motero mpaka mndandanda wonse unatha. Wina anali atalowa mpingo woletsa kuthamanga. Wina mkazi wake anali woyembekezera, ndipo azamba anamuletsa kuvala zovala zoyera za osewera. Nduna iliyonse inkatamanda m'bale wa inzake ndi mawu okoma amene sinawatchulepo chibadwire, inzakeyo n'kumakana modzichepetsa kuti ayi, mwanayo ndi chitsiru, sangayenere ulemu wotere.

"Titenge akaidi," inatero nduna ina. "Amenewo amathamanga."

"Kuthamanga amathamanga," anayankha a Tidyenawo, "koma sabwerera. Masewerowa amafuna munthu wopita n'kubwera."

Apo anadzuka Mayi Palibevuto, Nduna ya Zaumoyo, n'kukonza duku.

"Mwinidziko, ine ndikudabwa ndi mkangano umenewu. M'mabuku a chipatala mulibe wovulala aliyense. Mawu amenewo tidawachotsa chaka chatha, ndipo chichotsereni dziko lino lakhala lathanzi. Anyamata aja atsike pabedi akasewere. Munthu wa ndodo ziwiri ali ndi miyendo itatu yabwino, pamene wa ku Tidzaona ali ndi iwiri yokha."

Nduna zinawomba m'manja, koma mfumu inafunsa kuti thabwa adzaligwira ndi chiyani manja onse ali pa ndodo, ndipo nduna zinawombanso m'manja chifukwa cha funsolo.

"Pali njira yachidule," anatero a Gwadani. "Litulutsidwe lamulo lakuti kuyambira lero anayi ndi khumi ndi mmodzi."

"Alendo avomera?"

"Ndilo vuto lake, Mwinidziko. Sadaleredwe bwino."

Mfumu inaika mbale ya mtedza pambali. Inali itatopa, ndipo mfumu ikatopa imafunsa mafunso oopsa.

"Koma chikuwagwetsa anawa n'chiyani?"

Aliyense ankadziwa yankho. Sajeni ankalidziwa, wosesa ankalidziwa, ngakhale mphaka wa kukhitchini akanatha kulinena. Nduna zinayamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

A Gwadani anatulutsa buku lachikuto chofiira.

"Mwinidziko, bungwe lofufuza lidakhala masabata atatu kumalo ogona alendo a kuphiri, ndipo lapeza chenicheni. Tidafunsa kuti, munthu asanagwe, chinthu chomaliza kukhudza pansi n'chiyani? Mwa anyamata onse asanu ndi awiri yankho ndi limodzi: nsapato. Ngakhale Bizaliele, mpira utamupeza, anali atavala nsapato. Tsono wosoka nsapatozo ndi uyo wagwada apoyo. Bungwe likupempha kuti akapitirize luso lake ku Kuiwalika. Lole inyamuka thu koloko."

Mfumu inasuzumira kuchitseko.

"Iwe mkulu, uli ndi mawu?"

Yankho linali pa lilime la a Ndelemani, lalifupi, lokwana mpweya umodzi. Koma kunena kuti vuto ndi Lamulo Nambala 114 kunali kunena kuti mfumu yotchedwa Sindilakwa idasaina cholakwa, ndipo kwa munthu wonena zimenezo Kuiwalika kukanakhala pafupi. Kukhala chete nakonso kunali kukwera lole. Poti analibe koyang'ana, anayang'ana kumene ankayang'ana masiku onse: pansi.

Kunsi kwa tebulo kunali mzere wa nsapato, ndipo zonse ankazidziwa ngati ana awo. Nsapato ya munthu wamba imatha kuchidendene, chifukwa poyenda chidendene ndicho chimayamba kuponda. Koma nsapato za nduna zinkabwera kwa iwo zitatha kuzala, zidendene zili zatsopano ngati za m'sitolo. Kwa zaka zambiri ankangosoka osafunsa. Tsopano anaziyang'ana bwino, n'kumva ngati munthu amene wapeza nsonga ya ulusi wosokonekera.

"Mwinidziko," anayamba, "ine ndi munthu wa pansi, ndipo zimene ndimadziwa ndi zapansi pomwe. Za lipoti sindingatsutse, poti lili ndi chikuto. Ndimangofuna ndisanapite ndiwayamikireko mabwana angawa, ngati mungandilole."

"Yamikira," inatero mfumu, imene sinkakana kumva zoyamikira ngakhale zopita kwa ena.

"Bwana Gwadani, nsapato mwavalazo amakusokerani ndani?"

"Iwe, nanga ndani?"

"Zikomo, bwana. Mwakhala zaka zingati mukutuluka m'chipinda chino chafutambuyo?"

A Gwadani anawongola khosi mmene likanathera.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, kanayi pa tsiku. Pa zikondwerero kasanu ndi kamodzi."

"Mudagwapo, bwana?"

Kugwa pamaso pa mfumu ndi chamanyazi chachikulu ku Zilibwino, choposa kuba.

"Ine? Ngakhale kupunthwa kumene!"

"Zimenezo n'zochepa," analowerera a Tidyenawo, amene sankalola kuti mnzawo atamandidwe yekha. "Ine ndidatsika masitepe onse akunjawo chafutambuyo, mvula ikugwa, nditanyamula keke ya tsiku lobadwa la Mwinidziko. Kandulo ngakhale imodzi sidazime."

"Inu munali pa nsapato zafulati," anatero Mayi Palibevuto. "Ine ndimachita zimenezo pa gogoda."

Zitatero nduna iliyonse inafuna kunena zake. Ina idadutsa bwalo lonse la nyumba ya mfumu chafutambuyo galu akuithamangitsa. Ina idakwera basi chafutambuyo. Ina inati ngakhale kunyumba kwake, ikangoona chithunzi cha mfumu pakalendala, miyendo imabwerera yokha.

A Ndelemani anadikira mpaka phokoso litatsika.

"N'zimene ndimafuna kuyamikira, Mwinidziko. Chikopa ndi chomwecho, ulusi ndi womwewo, manja ndi omwewa, koma mabwanawa sagwa. Ana a kubwalo aja ayamba mwezi wathawu. Sangafanane ndi akatswiri."

Anasiyira pomwepo. Wosoka amadziwa polekezera kukoka ulusi.

Mfumu inatenga mtedza umodzi, n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Inkakonda kwambiri nzeru zimene yazipeza yokha, ndipo nkhope yake inayamba kuwala pang'onopang'ono ngati nyali ya parafini.

"Ndapeza!" inafuula. "Nsapato zilibe mlandu. Mlandu ndi wa mapazi osaphunzira. Nduna zilipo zingati muno?"

"Zisanu ndi zinayi, Mwinidziko," anayankha Sajeni Kambalame mokweza, poti palibe nduna imene inafuna kuwerenga.

"Zakwana! Asanu ndi awiri olowa, awiri apadera. Takhala tikufunafuna kutali akatswiri tili nawo m'nyumba. Tidyenawo, iwe uyamba kumenya. Palibevuto, uvale gogoda yemweyo, alendo aone. Gwadani, iwe ndiye wowakha. Unyonyomale kuseri kwa timitengo nkhope ili kwa ine, ndizikuona."

Nduna zinawomba m'manja, koma kuwomba kwake kunali ngati kwa anthu opha udzudzu pamaliro.

"Iwe mkulu," inapitiriza mfumu, "woponya wa ku Tidzaona uja amamutcha Chiphaliwali, ukumudziwa?"

"Nkhope sindiidziwa, Mwinidziko, koma mpira wake ndidausokapo. Chaka chatha udagwetsa timitengo tonse titatu, n'kupitirira kukaboola thanki ya tiyi. Adandibweretsera utang'ambika, masamba a tiyi ali m'kati."

A Gwadani anagwira pankhongo pawo mosazindikira.

"Zabwino," inatero mfumu. "Kuyeserera kuyambe thu koloko. Lole ija ikutengereni kubwalo, poti mafuta athira kale."

A Tidyenawo anadzuka, thukuta likutsika ngakhale kunali chiperoni.

"Mwinidziko, ulemu umenewu ndi waukulu moti watilemera. Mutilole titulukeko pang'ono, tikaone mmene tingausenzere."

Mfumu inalola. Nduna zisanu ndi zinayi zinatuluka chafutambuyo pa liwiro limene silinaonekepo m'nyumbamo, zikukhota pa ngodya ya tebulo, zikulambalala mphika wa maluwa, popanda ngakhale imodzi yokhudza inzake.

"Taona!" inatero mfumu kwa sajeni, maso ali ndi misozi ya chimwemwe. "Tidzaona atha basi."

Palibe amene anawauza a Ndelemani kuti adzuke, choncho anakhalabe chogwada. Simenti inali yozizira, ndipo bondo lawo lamanzere linayamba kudandaula. Kuseri kwa chitseko kunkamveka mawu ambiri nthawi imodzi, kenako mpando unagwa, kenako wina anatchula mayi ake a mnzake. Mfumu inatsiriza mtedza, n'kuitanitsa wina.

Patapita mphindi makumi anayi nduna zinabwerera, a Gwadani ali patsogolo ndi buku lina, lachikuto chakuda, limene fumbi lake linkaoneka kuti langowazidwa kumene.

"Mwinidziko, tafufuza m'zolemba za makolo, ndipo tapeza chinsinsi chimene chidabisika kwa mibadwo. Ndifunseko modzichepetsa. Ng'ombe yanu ikamachoka kukhola kupita kudambo, kodi imakufulatirani?"

"Ng'ombe ndi yanga. Ingandifulatire bwanji?"

"Nanga galimoto lanu likamapita kukathira mafuta?"

"Nalonso ndi langa."

"Nzeru zake ndi zimenezo! Munthu akavala zoyera za Ufumu salinso mwini wake wa thupi lake. Miyendo ndi yanu, manja ndi anu, msana ndi wanu. Tsono kodi munthu angadzifulatire yekha? Msana wa wosewera si msana, Mwinidziko. Ndi mbali ina chabe ya ulemerero wanu, imene inuyo simukanatha kuiona popanda kiriketi."

Mfumu inayesa kuyang'ana kumsana kwake, inalephera, ndipo inavomereza kuti nkhaniyo ndi yoona.

"Ndiye kuti mkuja muthamanga choyang'ana kutsogolo?"

Pamenepo a Ndelemani anaona nduna ziwiri zikutsinzina ngati zikupemphera. Koma a Gwadani sadakhale zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri m'nyumbamo pachabe.

"Ndipo chisoni chathu chili pomwepo, Mwinidziko. Miyendo yathu idazolowera ulemu. Kutsogolo idaiwala. Tikati tithamange choncho tidzakuchititsani manyazi pamaso pa alendo. Ntchito yotsika ngati imeneyo ndi ya ana."

"Ana ake ati? Si paja akudwala?"

"Pali uthenga wabwino," anatero a Tidyenawo. "Jailosi wabwerako. Wodwala uja atangomuona wadzuka n'kupempha phala."

"Mphumu ya Lakisoni nayo yatsika," anawonjezera a Gwadani. "Inali ya nyengo chabe."

Mkangano unayambiranso pomwepo, koma tsopano motembenuka. Malo anali asanu ndi awiri, abale makumi awiri ndi atatu, ndipo mwana aliyense amene m'mawa anali chitsiru anasanduka mphatso ya dziko. Wa mpingo uja anali atatulukamo. Mkazi woyembekezera uja anapezeka kuti anangokhuta. Pofuna kupeza malo ena, a Tidyenawo anafunsa ngati anayi otsala aja sakuoneka otopa, ndipo Mayi Palibevuto analonjeza kuti akawayeza.

Pakati pa phokosolo mfumu inaona chinthu chogwada kuchitseko.

"Iwe ukadali pano? Ukufuna chiyani?"

"Palibe, Mwinidziko."

"Ndiye pita, usatitsekerezere mphepo."

A Ndelemani anadzuka pang'onopang'ono, bondo likulira, n'kuyamba kubwerera. Analibe luso la nduna. Anagunda chitseko ndi phewa, anaponda phazi la sajeni, ndipo pamasitepe akunja anatsika chokhala, imodziimodzi, mpaka khoma litawabisa. Lole ija inali pachipata, dalaivala atagona pa chiwongolero. Anaidutsa osaiyang'ana kawiri.

Anafika kumsika nthawi ya nkhani za wani koloko. Wailesi ya m'kantini inali itakwezedwa mawu, ndipo anthu anaunjikana kumva Lamulo Nambala 115, limene wolengeza anati Mwinidziko walitulukira yekha atasinkhasinkha za umoyo wa achinyamata. Kenako anawerenga mayina a timu yatsopano. Pa anayi otsala aja panatsala awiri.

"Lakisoni?" anatero wogulitsa makala. "Uja amagwira thabwa ngati akupha njoka?"

"Musadandaule," anayankha wometa tsitsi. "Amenewo sangavulale. Kuti uthamange uyenera uyambe waumenya mpirawo."

"Ine funso langa ndi limodzi," anatero mayi wina wa zitumbuwa. "Ngati msana wa wosewera ndi wa mfumu, nanga wanga uwu ukundipwetekawu ndikaupereke kuti?"

A Nangondo anawaona a Ndelemani akubwera. Anangotulutsa kachitini ka guluu pansi pa chitenje chimene anavundikira, n'kukaika pamalo pake, kenako anasankha tomato wamkulu mmodzi n'kumuika pambali pake.

"Wayamba kufewa ameneyo," anatero. "Sangagulidwe."

Sanali wofewa. A Ndelemani anathokoza, anavala epuloni n'kukhala pa kampando kawo.

Posakhalitsa kunamveka kugogoda kwa ndodo pa miyala. Anali Filimoni, kaputeni uja, mwendo wamanja uli m'chikhakha kuyambira kubondo mpaka kuzala. Kuchipatala anamutulutsa m'mawa womwewo, atamuuza kuti mabedi ndi a odwala, osati a opumula. M'khosi anakoleka nsapato imodzi yomangirira ndi chingwe chake.

"Madala, mundisokereko iyi. Yakumanzere yokha. Inzakeyo ili pa tchuthi mpaka Okutobala."

A Ndelemani anailandira, anaitembenuza, n'kuikanda ndi chala kumene inayasama. Filimoni anatsamira pa mzati wa kadengako n'kutsitsa mawu.

"Sajeni akuuza anthu kuti lamulo lagwa chifukwa cha inu. Ife takhala tikuthyoka mwezi wathunthu osamvedwa. Inu munakanena chiyani kumeneko?"

"Ine? Palibe," anatero a Ndelemani. "Ndinangowayamikira."

Ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, anatsinzina diso limodzi, n'kuulowetsa pa singano.